Timbewu ta m'Chikwama cha Magalasi

Lolemba, 5 Ogasiti

Andigoneka pa bedi 14, wodi ya amuna, kuno ku Katete. Kope ili ndi la misonkhano ya akulu a mpingo, ndalitembenuza n'kuyambira kumbuyo. Ndizilemba chilichonse chimene andichita, chifukwa ulendo watha sindinalembe. Akukiliniki kwathu anandimwetsa mankhwala a TB ya m'mimba miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lero ndikafunsa amene analamula zimenezo aliyense akuloza mnzake.

Ndine Sankhani Mbewe, zaka 63, mlimi wa thonje ndi nsawa kufupi ndi Mkaika. Masiku anayi osapita kuchimbudzi, ngakhale mpweya. Ndikusanza zobiriwira. Mimba yauma ngati ng'oma. Sikelo yati makilo 49, pomwe chaka chatha ndinali ndi 66. BP 118/70. Mtima ukugunda ka 52 pa mphindi. Nesi wayeza kawiri, nati mtima wanga ndi waulesi.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Chipaipi m'mphuno mpaka m'mimba. Amene anachipanga chinthu chimenechi sanachilawepo. Diripi kudzanja lamanzere. Osadya, osamwa.

Dokotala wanga ndi a Hellen Tembo, msinkhu wa mwana wanga, Chinyanja chawo cha ku Lusaka. Andifunsa ngati pali mankhwala ena amene ndimamwa. Ndati ayi. Ndanama, ndipo poti kope silipita kukaulula, ndilembe pano.

Ndili ndi manjenje. Atate anali nawo, ankamwa tiyi m'mbale chifukwa kapu inkawathera pamalaya. Ine anandiyamba ndili kale mkulu wa mpingo. Pa Pasaka wina, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndinanyamula thireyi ya timakapu ta mgonero, ndipo timakaputo tinayamba kulira tokha ngwingwingwi tchalitchi chonse chili zii. Vinyo anatayikira pa bulauzi yoyera ya mayi wina wa chigwirizano. Pofika Lachitatu mudzi wonse unali utadziwa kuti a Mbewe amadzuka ndi kachasu. Ine, amene ngakhale thobwa logona ndimalikana! Amene anayambitsa ndimawadziwa, ndi a Samson Zulu, mkulu mnzanga.

Ndiye Elvis, mwana wa mlongo wanga amene amachita malonda ku Vubwi ndi ku Mozambique, anandibweretsera timbewu ta mankhwala. Kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, manja n'kukhala nji. Kuyambira pamenepo sindinatayepo dontho. Timakhala m'chikwama cha magalasi, pansi pa kansalu kopukutira. Mkazi wanga Yunesi sadziwa. Lero ndameza ndi malovu.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Sikani. Akuti matumbo aunjikana malo amodzi ngati amangidwa m'thumba. Ndafunsa ngati ndi TB yomwe ija. A Tembo ati, "Sitiziwa, atate, mpaka titsegule." Bwanji akukiliniki aja sananene choncho? Kodi mawu akuti sitidziwa amawawa pakamwa? Miyezi isanu ndi umodzi mkodzo wofiira, kapu yangayanga, adzukulu akundizungulira kutali ngati galu wachiwewe, mimba osasintha.

Bedi 15 kuli a Nason Sakala a ku Sinda. Ngolo inawaponda mwendo, ndipo mwendowo waulozetsa kudenga ndi zingwe. Pakamwa pokha ngolo inaphonya. Amadziwa matenda a munthu aliyense muno, ndi amene wabwera kudzamuona, ndi chimene wabweretsa. Yunesi akugona kumalo a odikirira odwala, ndipo wabwera ndi futali ngakhale ndinamuuza kuti sindikudya. A Nason atithandiza mpaka kunyambita supuni.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Opaleshoni mawa. Ndasaina ndekha, dzina lowongoka bwino.

Kwabwera Rachael, mwana wanga wachiwiri, telala pa msika wa Sinda. Ali ndi ana awiri, mwamuna anapita ku migodi n'kuiwala njira yobwerera. Makina ake ndiwo munda wake. Akuti wadzaza nsalu za anthu ofuna kukavala ku mwambo wa Kulamba kumapeto a mwezi. Wandimeta ndevu ndi lezala, osandicheka ngakhale pang'ono.

Nayenso manjenje anamupeza zaka zitatu zapitazo. Anabwera kumunda akulira kuti ulusi ukumukana kulowa m'singano. Ndinatsegula chikwama cha magalasi n'kumugawira, ndipo chiyambire pamenepo Elvis amabweretsa za anthu awiri. Ndi chinsinsi chathu, ine ndi iye. Pa zinthu zonse zimene ndachitira ana anga, chimenechi ndinkachiyesa chachikulu.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Akubwera ndi machira. Magalasi ndi chikwama chake ndapereka kwa Yunesi.

Lamlungu, 11 Ogasiti

Ndilipo. Ululu.

Lolemba, 12 Ogasiti

Zilembo zikuvina, koma ndilemba, chifukwa ndikapanda kulemba ndiphulika.

Choyamba za opaleshoni. Akuti aliyense amene anatumbulapo mbuzi amaidziwa nembanemba yopyapyala imene imakuta za m'mimba. Yanga inatupa n'kukhuthala, yoyera, yolimba, n'kukulunga matumbo mpaka chakudya kusowa podutsa. Anaisenda maola anayi. Kachidutswa atumiza ku Lusaka.

Tsopano za lero. Chiyambire Loweruka mtima ukuthamanga, m'mawa uno 124, BP 172/100, thukuta, manja osagwirika. Ine ndikudziwa chifukwa chake, masiku atatu opanda kambewu. A Tembo abwera ndi ophunzira awo asanu, Yunesi ali pambali ndi beseni. Ayang'ana manja anga, ayang'ana pepala.

"Atate, manje muniuze zoona. Mumamwa moba? Chifukwa munthu akaleka mwadzidzidzi amachita so."

Pamaso pa mkazi wanga! Pamaso pa wodi yonse! Zaka khumi ndi chimodzi ndathawa mawu amenewa, lero andipeza ndili chagada ndi chipaipi m'mphuno. Ndakalipa mpaka ulusi wa pamimba kukoka. Ndati kafunseni mpingo wa Reformed wonse, kafunseni abusa atatu amene ndatumikira nawo. Ndati ana a masiku ano mukavala koti yoyera mumayesa aliyense wakumudzi ndi chidakwa.

Ndiye a Nason, osafunsidwa ndi munthu: "Adokotala, mowa ine sin'nauone. Koma muone m'kachikwama ka magalasi. Amdalawa amawerenga kawiri pa tsiku, m'mawa na madzulo, koma buku osatsegula."

Yunesi watulutsa chikwamacho m'thumba lake. Wachitsegula yekha.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Sindikulankhula ndi a Nason. Iwo akulankhula ndi ine. Akuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndati mnansi wotere ngolo ikanamuponda pena.

A Tembo anatenga timbewu ndi pepala lake la Chipwitikizi. Andiyambitsanso theka, m'mawa ndi madzulo. Akuti mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima ukhoza kuima, azichepetsa pang'onopang'ono. Mtima watsika, 88. Apepesa za mowa zija.

Yunesi wandipukuta thupi. Pochoka wati, "Zaka zonsezi ine kumapukuta magalasi, osadziwa kuti ndikupukuta pa famase."

Lachitatu, 14 Ogasiti

A Tembo abwera okha, akhala pa mpando wa odikirira, foni m'manja. Ndilemba monga ananenera.

Mankhwalawa ntchito yake ndi kutsekereza uthenga wa mitsempha umene umauza mtima kuti uthamange, n'chifukwa chake amaletsanso manjenje. Ambiri amamwa moyang'aniridwa ndi achipatala osaona vuto. Koma m'ma 1970, kunja, mankhwala ena a banja lomweli anachotsedwa pa msika, madokotala atafufuza n'kupeza kuti odwala ena nembanemba yawo ya m'mimba inkatupa ndi kukhuthala ngati yangayi. Za amene ndimamwa inewa, akuti alipo malipoti owerengeka chabe.

"Sinili shuwa kuti ni yamene aya, atate. Ni chinthu chosaoneka kaŵirikaŵiri. TB nayo ingachite so. Koma zaka eleveni, kulibe wokupimani za mankhwala aya olo kamozi, niyenera kuganizirako."

M'ma 1970! Ine ndili ku pulaimale, ndikupita kusukulu wopanda nsapato, anthu ena anali atadziwa kale, atalemba, atasunga m'makabati awo. Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa Elvis. Yadutsa zaka makumi asanu, yawoloka nyanja, yalowa m'foni ya mtsikanayu, koma pa Mkaika sinafike. Feteleza watsopano akabwera amatiitana pansi pa mtengo ndi zokuzira mawu. Izi zokha ndiye ayi. Ndipo akukiliniki aja, mtima wanga ankauyeza mwezi ndi mwezi, 50, 54, 52, kulemba m'buku n'kutseka. Palibe anadabwa.

Pomaliza andifunsa ngati alipo wina amene ndimagawana naye. Ndati palibe. Bodza lachiwiri.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Mpweya watuluka cha m'ma 10 koloko. A Nason alengeza ku wodi yonse, anthu awomba m'manja, nesi walemba pa pepala. Mkulu wa mpingo kuyamikiridwa chifukwa cha chimenecho. Chipaipi achotsa. Madzi masupuni atatu pa ola.

Ndamuimbira Elvis. Ndinali nditakonza mawu usiku wonse. Iye wati, "Amalume, ine ndine dokotala? Munati manja, ndinabweretsa za manja. Ndipo anagwira, si tero? Munafunsa za mimba?" Ndadula foni. Chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sananame. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndadya phula zaka khumi ndi chimodzi, kawiri pa tsiku, mosaphonya ngati pemphero.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Bala layamba kutuluka mafinya kumunsi. Amasula ulusi utatu, akutsuka kawiri pa tsiku, jekeseni maola asanu ndi atatu alionse. Kutentha 38.4. Kunyumba si lero.

Masana kwabwera a mpingo, abusa ndi akulu anayi, a Samson Zulu patsogolo ndi nthochi. Ndinabisa manja m'bulangeti kuyambira nyimbo yoyamba mpaka Ameni. Popereka moni ndinangogwedeza mutu, ndati diripi. A Samson apemphera kuti Ambuye andimasule ku chilichonse chimene chandimanga. Chilichonse! Ndinamva bwino pamene anatsindika.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Phala lamadzimadzi, theka la kapu. Kambewu atsitsa, tsopano kachigawo kakang'ono. Supuni ikundikana, phala likuthera pachifuwa.

Rachael wabwera, wandilanda supuni n'kuyamba kundidyetsa. Ndinayang'ana dzanja lake kuchokera m'kapu mpaka pakamwa panga. Silinagwedezeke ngakhale pang'ono. Kale ndikanakondwa. Lero ayi, chifukwa ndikudziwa chimene chalimbitsa dzanjalo.

Anabwera ndi mpunga wa nkhuku woti adye ndi amake. Wadya masupuni atatu, n'kukankha mbale. "Masiku ano nikhuta msanga, mimba ingodzaza mpweya." Inenso ndinayamba choncho. Mawu omwewo ndinamuuza Yunesi chaka chatha pa nthawi yokolola nsawa.

Sindinamuchenjeze. Ndinaganiza za makina, za ana awiri aja, za nsalu za anthu. Ndiponso, ndisaname pano, ndinaganiza za ine mwini, kuti Yunesi andiyang'ana bwanji. Wapita kukakwera minibasi ndikumuyang'ana kumsana.

Atachoka, a Nason anatembenuza mutu. Lero sanakweze mawu.

"Amdala, mwana wanu uja magalasi savala. Koma pamfundo ya chitenje pali kanthu. Wameza apa pakhomo poyesa kuti nagona. Ine nakamba kamodzi, munanitukwana. Aka kachiwiri n'kanu."

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndanena. Pa nthawi yoyendera odwala, ophunzira onse asanu alipo, Yunesi alipo. Ndati adokotala, ndinakunamizani kawiri, lachiwirili ndilo lalikulu. Rachael Mbewe, zaka 32, wamwa zaka zitatu, ndipo womupatsa ndine.

A Tembo sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Angoti abwere Lachisanu asanadye, ndipo asayerekeze kusiya yekha.

Yunesi anadikira onse achoke. Anakhala pa bedi, chinthu chimene manesi amaletsa.

"Atate ake Rachael, mimba yanu ni yanu, mungaiwononge m'mene mufunira. Koma uja n'nabala ine. Zaka zitatu mudyetsa mwana wanga zinthu za m'thumba la Elvis, kuopa a Samson? A Samson ni Mulungu?"

Masabata awiri ndakalipira kiliniki, azungu a m'ma 1970, Elvis, a Nason, mtsikana amene anandisenda matumbo maola anayi. Mndandanda unali wautali, koma dzina limodzi ndinalilumpha.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Rachael wabwera ndi minibasi yoyamba. Amake anamuuza zonse pa foni. Sanandipatse moni. Anaima kumiyendo kwa bedi, chitenje chomanga m'chiuno ngati wabwera kudzalima.

"Atate, munanipatsa ndimwe. Munati palibe choopsa, munati tisauze amama. Lomba mufuna kunilanda sabata ya Kulamba, nsalu za ŵanthu zili mbwee m'shopu? Nizasoka na chani, na mano?"

Ndati mwanawe, makina ungawapeze ena, matumbo sagulitsa pa Sinda. Wati, "Mukanaganiza zimenezo kumunda kuja." Wapita ku sikani osacheuka.

Ndadikira maola awiri ndi theka. Sindinapempherepo chotero chibadwire, ndipo pempherolo linali laukali. Ndinati Ambuye, wolakwa mukumudziwa, ali pa bedi 14, bala lake n'lotsegula kale.

A Tembo abwera okha kudzandiuza. Sanaone chokhuthala, matumbo akuyenda. Kukhuta msangako mwina ndi zilonda za m'mimba, amupatsa mankhwala. Koma akuti sikani siona zonse, abwerenso pakatha miyezi itatu, ndipo akayamba kusanza asadikire. Mtima wake 54. Timbewu azichepetsa masabata angapo mpaka kusiya, kenaka aone ngati pali njira ina ya manjenjewo. Sanalonjeze.

Rachael wabwerera ku Sinda osadzera kuno.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Za ku Lusaka zabwera. M'kachidutswa muja TB sanaipeze. Ndafunsa, ndiye kuti sinaliko? Akuti mwina sinaliko, mwina inaliko mankhwala aja anaipha. Ndiye ndi timbewu? Akuti mwina. A Tembo apempha kuti alembe nkhani ya mimba yanga, popanda dzina, kuti madokotala ena awerenge. Ndati lembani, koma mulembenso m'Chichewa, mukapachike pa kiliniki ndi pa msika wa Vubwi pamene Elvis amaimika njinga yake. Aseka. Ine sindinaseke.

Makilo 47. Bala likuuma. Nsima yofewa pang'ono, yakhala.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Kambewu komaliza kanali dzulo. Mtima 84. Manja ngati a atate. Tsamba limodzi ili landitengera ola.

Rachael sakuyankha foni yanga. Amake akuti wabweza nsalu zina kwa eni ake, mizere ikukhota.

Loweruka, 31 Ogasiti

Kulamba. Malole akudutsa pa msewu chim'mawa, anthu akuimba. A Nason akuwerenga malolewo ndi khutu. Ndawapatsa nthochi zonse za a Samson, zapsa kwambiri. Sindinanene kuti zikomo, iwonso sanafunse.

Lamlungu, 1 Seputembala

Mawa akunditulutsa. Kubweranso pa 16.

Masana a mpingo abweranso, a Samson ndi akulu awiri. Ndinali nditalowetsa kale manja m'bulangeti pamene Rachael analowa, fulasiki kukhwapa. Wapereka moni kwa alendo mogwada, ine wangondiyang'ana. Watenga kapu yanga pa kabati, wayamba kuthira tiyi. Mlomo wa fulasiki unkagunda kapu, ngwingwingwi, kulira komwe kuja kwa Pasaka. Tiyi wina pa kabati, wina pansi.

Ndinaona a Samson akuyang'ana manja a mwana wanga, kenaka n'kuyang'ana mnzawo. Diso limenelo ndimalidziwa. Ndinatulutsa manja onse awiri, n'kuwakweza pamaso pawo kuti awaone bwino akuvina.

"A Zulu, yang'anani kuno, musiye mwana. Awa ni manjenje a kwathu. Atate anali nawo, ine nili nawo, uyu ali nawo. Si kachasu. N'nawabisa kuopa pakamwa panu mpaka anitumbula ngati mbuzi. Mukalengeze Sabata likudzali, ndipo pa mgonero muniike pa thireyi. Amene aopa kudonthezeredwa akhale kumbuyo."

A Samson anati sanatanthauze zimenezo. Ndati chabwino, tipemphere. Pemphero lawo lero linali lalifupi.

Atapita, Rachael anandibweretsera kapu ija. Munatsala tiyi wosafika theka. Ndinaigwira, inayamba kugwedezeka, ndiye anaika manja ake pamwamba pa anga, nawonso akunjenjemera, tiyi n'kumadonthera pa bulangeti la chipatala. Ndinafuna kunena zambiri. Ndinangoti mwanawe, ndinalakwa.

Sanati palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo, ndipo sikani yake ya Novembala ili kutali.

"Imwani, atate," anatero. "Tingataye yense."